Funsani Anamwino: Manyazi a M'chipinda Choyezera Amayi

Makalata ambiri amene afika mwezi uno akukamba za kuyezedwa kumaliseche ndi m'chiberekero kuchipatala, ndipo chimene chandikhudza n'chakuti ochepa okha ndi amene akufunsa za matenda enieniwo. Ambiri akufunsa za munthu woyezayo, za mawu amene analankhula, ndi za mmene iwo anamvera mumtima atagona pa bedi lija. Ndasankhapo makalata asanu, ndipo monga mwa nthawi zonse mayina a olemba ndawabisa.

Funso: Anamwino, ndine mayi wa zaka 41, wa ana asanu, ndipo ndimamwa ma ARV. Nditapita kukatenga mankhwala mwezi wathawu anandiuza kuti ndilowe m'chipinda china akandiyeze khomo la chiberekero. Nditatsegula chitseko ndinapeza kuti woyeza ndi mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, amenenso timapemphera naye mpingo umodzi ndipo amayimba kwaya. Ndinanamizira kuti ndili kumwezi n'kutuluka, ndipo mpaka lero sindinabwerereko. Kodi ndinalakwa? Nanga n'zololedwa kupempha kuti andiyeze mayi mnzanga? *Mayi wa ku Ntcheu*

Yankho: Mayi, simunalakwe kuchita manyazi, ndipo wina asakuuzeni kuti umenewo ndi umbuli. Ife tinakula tikuuzidwa kuti tizikhala pansi mwaulemu ndi kukokera chitenje m'maondo, anankungwi anatilangiza kuti thupi la mkazi si loonetsa aliyense, ndipo m'midzi yambiri mpongozi ndi mkamwini amapatukirana ngakhale panjira. Munthu woleredwa chotero akauzidwa ndi mnyamata wa m'kwaya kuti avule n'kukwera pa bedi, zonsezo m'mphindi ziwiri zokha, mtima ukakana si zachilendo. Ineyo, amene ndayeza amayi osawerengeka, tsiku limene inakwana nthawi yanga yogona pa bedi lomwelo ndinapinda kabudula wamkati kanayi n'kumubisa pansi pa chikwama, ngati kuti mnzanga amene ankati andiyezeyo anali asanaonepo chovala chotero chibadwire.

Kupempha kuti akuyezeni mayi mnzanu n'kololedwa, ndipo simukakamizidwa kupereka chifukwa. Chovuta n'chakuti zipatala zing'onozing'ono zambiri zimakhala ndi munthu mmodzi kapena awiri okha amene anaphunzitsidwa ntchito imeneyi, choncho akhoza kukuyankhani kuti mudikire kapena mubwere tsiku lina. Zikatero funsani pomwepo tsiku limene namwino wamkazi amayeza, ndipo alilembe m'buku lanu la kuchipatala kuti lisakhale lonjezo la pakamwa chabe. Ngati palibiretu wamkazi, muli ndi njira ziwiri: kupita kuchipatala china kumene sakudziwani, kapena kulola kuti akuyezeni wamwamunayo koma m'chipindamo muli mayi wina, kaya wogwira ntchito pachipatalapo kaya m'bale amene mwabwera naye. Woyeza wodziwa ntchito yake sakhumudwa ndi pempho lotere, chifukwa mayi wachitatuyo amateteza onse awiri. Ndionjezepo kuti ulemu suyendera kuti uyu ndi mwamuna kapena mkazi. Ndamvapo amayi ambiri ku sikelo akunena poyera kuti amakonda azamba aamuna chifukwa sakalipa, ndipo ife akazi a ntchito imeneyi mawu amenewo ayenera kutichititsa manyazi.

Chimene sindingakuvomerezeni ndi kukhala osabwererako. Khansa ya khomo la chiberekero ndi imene imapha amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse m'Malawi muno, ndipo chiwerengero cha mu 2020 chinaonetsa kuti amayi oposa 4,000 amapezeka nayo pachaka, pamene pafupifupi 3,000 amamwalira nayo. Imayamba ndi kachirombo ka HPV, kamene anthu amapatsirana pogonana ndipo ambiri amakatenga osadziwa. Mwa anthu ochuluka thupi limakagonjetsa lokha, koma kakakhazikika kamasintha pang'onopang'ono khungu la pa khomo la chiberekero popanda ululu kapena chizindikiro chilichonse. Kwa mayi amene chitetezo cha m'thupi mwake chili bwino pamatenga zaka 15 mpaka 20 kuti kusinthako kufike pa khansa, koma chitetezo chikakhala chofooka zaka 5 mpaka 10 zimakwana, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiopsezo cha mayi amene ali ndi HIV n'chowirikiza ka 6 poyerekeza ndi cha mayi amene alibe. Ichi n'chifukwa chake anakutumizani m'chipinda chija kuchokera kumene mumatengera mankhwala. Sikuti anaona choipa pa inu.

Za mnyamatayo, dziwani kuti zimene waona ndi kumva m'chipinda choyezera saloledwa kuziulula kwa wina aliyense, kaya abusa, kaya mkazi wake, kaya amuna anu, ndipo akatero akhoza kuchotsedwa m'kaundula wa ntchito yake. Komabe ndikumvetsa kuti lamulo silichotsa kulemera kwa kukumana naye maso ndi maso Lamulungu m'mawa, choncho ngati mtima wanu ukukana ndithu, ndalama ya minibasi yopita kuchipatala cha pa boma si yotayika.

Funso: Ndili ndi zotupa m'chiberekero ndipo ananditumiza kuchipatala china chachikulu. Ndili chigonere, miyendo ili m'mwamba, adokotala analowetsa ophunzira asanu ndi mmodzi osandifunsa, n'kuyamba kulankhulana Chingerezi ngati ine palibe. Awiri mwa iwo anandipisanso zala. Nditayamba kulira, namwino anati, "Pamene munkapanga anawo manyazi anali kuti?" Papita miyezi itatu koma ndikakumbukira thupi limanjenjemera, ndipo tsiku limene anandipatsa lobwereranso ladutsa. Kodi umu ndi mmene zimayenera kukhalira? *Wokhumudwa, wa m'tauni*

Yankho: Ayi, chemwali, si mmene zimayenera kukhalira, ndipo ndikupepesa m'malo mwa anzanga a ntchito. Mawu a namwinoyo ndawamvapo kangapo m'zipinda zochirira, ndipo amene amawalankhula amati ndi nthabwala yolimbitsa mtima, koma kunena zoona ndi chipongwe cholankhulidwa kwa munthu amene wavula ndipo sangathe kudziteteza. N'zoona kuti namwino mmodzi nthawi zina amaona amayi ambirimbiri kuyambira m'mawa osaika kanthu m'kamwa, koma kutopa kumeneko anayenera kukakudandaula kwa akuluakulu ake, osati kukutulira pa inu.

Ophunzira ayenera kuphunzira, pakuti dokotala amene adzathandize ana athu mawa sangadziwe chiberekero chotupa pongowerenga buku. Inenso ndinaphunzira pa matupi a amayi amene anandilola, ndipo ena mwa iwo ndimawakumbukirabe nkhope. Mawu ofunika pamenepa ndi akuti anandilola. Dokotala anayenera kukufunsani musanavule, mukadali chikhalire pa mpando, n'kukuuzani kuti alipo ophunzira angati ndiponso ngati adzangoonerera kapena adzakugwirani. Munali ndi ufulu wokana onse, wolola mmodzi yekha, kapena wolola kuti aone koma asagwire, ndipo kukana kwanuko sikukanachepetsa thandizo limene munabwerera. Kufunsa munthu miyendo ili kale m'mwamba si kufunsa, chifukwa palibe amene angakane bwinobwino ali m'menemo.

Zimenezi si maganizo anga okha. Lamulo la Gender Equality Act la mu 2013 limalamula ogwira ntchito zachipatala kulemekeza ulemu wa munthu aliyense amene wabwera kudzalandira thandizo la uchembere ndi ubereki, kumufotokozera zonse zimene akufunika kudziwa kuti asankhe yekha, ndi kutenga chilolezo chake asanachite chilichonse pa thupi lake. Ngati mukufuna kudandaula, yambani ndi ofesi ya ombudsman wa pachipatalapo, imene inakhazikitsidwa m'zipatala za boma kuti izimva madandaulo a odwala, kapena pitani kwa mkulu wa anamwino. Zikapanda kuyenda, nkhani ya dokotala imapita ku Medical Council of Malawi, ndipo ya namwino kapena mzamba ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Lembani tsiku, nthawi, chipinda ndi mawu enieni amene analankhulidwa mukadali kuwakumbukira, chifukwa dandaulo longoti "anandichita chipongwe" limafera m'kabati, pamene lotchula tsiku ndi ola limakakamiza munthu kutsegula buku la amene anali pa ntchito.

Popeza ambiri andifunsa malire ake, ndinene pano kuti woyeza ayenera kutseka chitseko kapena katani, kukupatsani mpata wovula nokha iye atatembenuka kapena atatuluka, kukusiyirani chitenje chofunda kuti poonekera pakhale pokhapo pamene akuyeza, kuvala magolovesi, ndi kukuuzani chimene akufuna kuchita asanachichite. Kuyamikira maonekedwe a thupi lanu, kukugwirani malo osakhudzana ndi vuto lanu, kutulutsa foni kuti ajambule, kapena kukuuzani kuti mubwere madzulo anzake ataweruka, zonsezo si kuyeza, ndipo nkhani yotero ndi yoyenera kukafika ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit.

Koma zotupazo sizikudikira kuti mtima wanu uchire. Bwererani ndi m'bale wanu, ndipo musanakhale n'komwe pa bedi nenani kuti, "Ulendo wapitawu sindinasangalale, lero sindikufuna ophunzira, ndipo chonde muzindifotokozera m'Chichewa." Mawu amenewo muwayeserere kunyumba mokweza kawiri kapena katatu, chifukwa pamaso pa chovala choyera lilime limalemera.

Funso: Ine ndine bambo, ndipo ndinaletsa akazi anga kukayezetsa chifukwa sindingalole mwamuna wina kuona za m'nyumba mwanga. Anzanga akuti ndikulakwa. Kodi sangandilole kulowa nawo kuti ndione zimene zikuchitika? *Bambo wa ku Mchinji*

Yankho: Bambo, mukhoza kulowa ngati mayiwo afuna okha kuti mulowe ndipo malo alola, koma mukalowe ngati wowalimbitsa mtima, osati ngati mlonda. Ndikuchenjezeninso kuti pali mafunso ena amene mayi amayankha momasuka amuna awo ali panja, monga za kumva ululu kapena kutaya magazi mukakhala malo amodzi, ndipo yankho lobisidwa limasocheretsa woyeza. Kuwaletsa ndiye ayi; thupi ndi lawo, ndipo chipatala sichifunsa kalata ya mwamuna kuti chiyeze mayi. Dziwaninso kuti kachirombo ka HPV abambo amakanyamula popanda chizindikiro chilichonse, kotero nkhani imeneyi si ya akazi anu okha, ndi ya nonse awiri. Ngati nsanje yanu ikufuna ntchito, ipatseni iyi: fufuzani tsiku limene namwino wamkazi amayeza, muwakweze mayiwo pa njinga, ndipo ngati muli ndi mwana wamkazi muonetsetse kuti walandira katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka mu January 2019 kwa atsikana a zaka 9.

Funso: Kwathu kuno amayi akuti chitsulo chimene amalowetsa chija chimakulitsa njira mpaka abambo amadandaula, ena akuti amatulutsa chiberekero n'kuchitsuka kenako n'kuchibwezera, ndipo akapeza vuto amakuwotcha osaberekanso. Ine ndili ndi zaka 29 ndi mwana mmodzi, ndipo ndikufuna ena. Ndinayesapo kamodzi koma zinandipweteka kwambiri moti ndinawauza kuti asiye. Zoona ndi ziti? *Mayi wachitsikana, ku Mangochi*

Yankho: Mwana wanga, mwachita bwino kufunsa, pajatu safunsa anadya phula. Chitsulocho ife timachitcha speculum, ndipo chimaoneka ngati mlomo wa bakha. Ntchito yake ndi kutsegula pang'ono njira ya abambo kuti woyeza aone khomo la chiberekero ndi nyali, basi. Sichilowa m'chiberekero, ndipo chiberekerocho n'chomangiriridwa m'kati mwa thupi moti palibe amene angachitulutse n'kuchitsuka ngati mbale. Za kukulitsa njira, ganizirani kuti mutu wa mwana wanu unadutsa momwemo ndipo thupi linabwerera. Kachitsulo kamene kamakhalamo mphindi zochepa sikangachite chimene mutu wa mwana unalephera.

Akaona khomolo amapakapo vinigala wosungunula ndi thonje n'kudikira mphindi imodzi, ndipo ngati pali malo amene ayamba kusintha amaoneka oyera. Kawirikawiri malo oyerawo si khansa ayi, ndi chenjezo lakuti pakasiyidwa zaka zambiri pakhoza kudzasanduka khansa. Mawu akuti kuwotcha ndi amene amaopsa anthu, ndipo ndikanakonda tikanapeza ena. Chimene chimachitika n'chakuti kachipangizo kakang'ono kotenthetsedwa kamagunditsidwa pa malo oyerawo kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi kuti khungu lodwalalo life, lina labwino limere; amayi ambiri amati amamva kupotokola ngati kwa msambo. Chipatala cha Nkhoma ndi chimodzi mwa zoyamba kugwiritsa ntchito njira imeneyi kuno kwathu, ndipo ubwino wake ndi wakuti mayi amayezedwa ndi kuthandizidwa tsiku lomwelo. Pambuyo pake pamatuluka madzimadzi kwa milungu ingapo, mumauzidwa kupewa kukhala malo amodzi ndi abambo kwa mwezi wathunthu kuti pachilonda papole, ndipo mumabwereranso pakatha chaka. Kubereka sikusokonezeka. Mukamva kutentha thupi, kutaya magazi ambiri kapena kutuluka zonunkha, bwererani msanga osadikira tsiku lolembedwa.

Mphekesera ya kuchotsa chiberekero ili ndi pamene inachokera. Amayi amene amapezeka khansa itayamba kale amatumizidwa kuzipatala zazikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre kumene bungwe la madokotala lochokera kunja la MSF lakhala likugwira ntchito imeneyi limodzi ndi boma, ndipo ena mwa iwo amachitidwa opaleshoni yochotsa chiberekero atafotokozeredwa ndi kusayina okha. Akabwerera kumudzi anthu amangoti anapita kukayezetsa ndipo anam'chotsa chiberekero, osatchula zaka zimene nthendayo inakhala ikukula mwakachetechete.

Za ululu umene munamva, munachita bwino kuwauza kuti asiye, ndipo iwo anachita bwino kusiya. Kuyezaku kumasowetsa mtendere koma sikuyenera kupweteka kwambiri. Kawirikawiri ululu umabwera munthu akaumitsa thupi chifukwa cha mantha, kapena woyeza akafulumira, kapena pakakhala matenda ena kumusiko ofunika mankhwala poyamba. Kodzani musanalowe, pemphani chitsulo chaching'ono popeza zilipo za misinkhu yosiyana, pemphaninso kuti akuonetseni kaye ndi kuchinyowetsa, ndipo muzipuma pang'onopang'ono ndi pakamwa, matako ali pansi. Pali amayi ena amene thupi limauma chifukwa anagwiriridwapo kale. Ngati inu kapena wina wowerenga ali wotero, sakakamizidwa kufotokoza nkhani yonse, kungonena kuti "ndinakumanapo ndi zovuta, chonde muchite pang'onopang'ono" n'kokwanira. Funsaninso ngati pachipatala chanu pali njira yodzitengera nokha chikazi ndi kathonje ka pa kamtengo kuti akayeze HPV, imene WHO inavomereza m'malangizo ake a mu 2021. Siinafike paliponse, koma kumene ilipo, amene amafunika kuonedwa ndi chitsulo ndi okhawo amene apezeka ndi kachiromboko.

Funso: Mayi anga ali ndi zaka 58 ndipo anasiya kusamba kalekale, koma ndinapeza magazi pa chitenje chawo chogonera pamene ndinkachapa. Nditawafunsa anati ndi zamwano kuti mwana afunse zotero, ndipo akuti kuyambira pamene bambo anamwalira palibe amene anaona thupi lawo, sangakavulire ana a dzulodzuloli. Akumwa mankhwala a zitsamba. Ndichite chiyani? *Mwana wawo wamkazi, ku Zomba*

Yankho: Kalata yanu ndi imene yandidetsa nkhawa kuposa zonse, ndipo ndikupemphani kuti sabata ino isathe mayi asanaonedwe. Magazi otuluka mayi atasiya kusamba, ngakhale kadontho kamodzi, si msambo wobwerera. Nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala chaching'ono, monga kupyapyala ndi kuuma kwa khungu la m'njira chifukwa cha ukulu, koma nthawi zina ndi khansa ya khomo la chiberekero kapena ya m'kati mwa chiberekero, ndipo palibe amene angasiyanitse zimenezi popanda kuyeza. Kwa mayi wa msinkhu umenewu kuyeza kwa vinigala sikudalirika kwenikweni, chifukwa malo amene amayang'anawo amakhala atalowa m'kati, choncho apite kuchipatala cha pa boma kapena chachikulu kumene angathe kuwaunika m'mimba ndi makina ndi kutenga kanyama kokayeza ngati pakufunika kutero.

Musalimbane nawo nokha, chifukwa kwa iwo inu mudakali mwana, ndipo pa mwambo wathu nkhani za kumusi sizichokera kwa mwana kupita kwa kholo. Pezani munthu wa msinkhu wawo amene amamumvera, kaya mchemwali wawo, kaya mnzawo wa ku chigwirizano kapena ku mvano, makamaka amene anayezetsapo, ndipo iyeyo ndi amene akalankhule nawo ndi kuwaperekeza. Za zitsambazo musawanyoze, kungoti awauze adokotala zimene akumwa ndiponso asaike chilichonse kumusi.

Inuyo tsogolani kuchipatalako tsiku limodzi iwo asanapite, mukafunse namwino wamkulu msinkhu amene alipo ndi kumufotokozera mwakachetechete kuti mukubwera ndi mayi wamasiye amene akuchita manyazi kwambiri. Ambiri a ife tikauzidwa chotero timakonza kuti alowe m'mawa anthu asanachuluke ndipo timawalonjera monga amayi athu tisanatchule za kuvula. Atenge buku lawo la kuchipatala ndi zitenje ziwiri, china choyala pa bedi, china chofunda kuyambira m'chiuno mpaka m'maondo, ndipo inu mukawafikitsa pa chitseko mukhale panja pa benchi, pokhapokha akakuitanani okha.